Usanalembe kosi pa fomu ya NCHE, kaione kaye ntchito yake

Nyengo ya mafomu a yunivesite ikafika ine ndimasenza nkhawa za ana a eni. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi zopulinta kuno ku Mangochi boma, makompyuta angapo ndi intaneti basi, nde a NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ku yunivesite, akangolengeza kuti ayamba kulandira mafomu, ana omwe akhoza MSCE amadzaza pabenchi panja, ena achokera ku Namwera, ena ku Makanjira adzuka usikusiku kuti apeze galimoto, ena a ku Monkey Bay, Malindi, Katuli konse uko. Kapepala ka zotsatira amakasunga mu pulasitiki kuopa thukuta, paja kutentha kwa kuno mukukudziwa. Dzina, nambala ya mayeso, sukulu yomwe analembera, zonsezo timalowetsa bwinobwino. Tikafika posankha kosi mpamene mwana amatembenuka nkundiyang'ana ine, amvekere, "Achimwene, ndilembe chani?"

Funso limeneli limandiwawa mumtima, chifukwa ine ndine wa fotokope chabe, mwanayo sindikumudziwa, zomwe amakonda kapena zomwe zimamutopetsa sindinazionepo, koma akufuna ndimusankhire zoti akaphunzire zaka folo kapena faifi, ndalama za makolo zikalowe mmenemo, mwina mbuzi zigulitsidwe, ndipo kumbuyo kwake kuli mzere wa anzake akudikira kompyuta yomweyo. Si kuti ana amenewa ndi ogona ayi, munthu wokhoza pa CDSS yopanda magetsi, buku limodzi akubwerekana kalasi yonse, ameneyo si munthu wamba. Vuto ndi loti palibe anakhala nawo pansi nkuwauza kuti kuseri kwa dzina lililonse la kosi kuli ntchito, ndipo ntchitoyo ili ndi mmawa wake, usiku wake, fungo lake ndi zotopetsa zake. Ine mfundo yanga ndi yoti mwana asalembe kosi yomwe ntchito yake sanaionepo ndi maso, kapena sanachezepo ndi munthu amene amaigwira, ndipo kuno ku Mangochi zimenezi ndi zotheka kuposa mmene timaganizira.

Ndiyambe ndi mmene zinthu zimayendera, poti makolo ambiri amangomva kuti mwana wapeza mapointi 18 koma osadziwa ngati avine kapena adandaule. Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndiye pamwamba penipeni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza chabe, 9 walephera. Amaphatikiza maphunziro sikisi omwe wakhoza bwino, ndiye kuti mapointi akachepa mpamene wachita bwino, 6 ndiye mapeto. Kuti akuganizire ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti sikisi ndipo Chingerezi chikhale momwemo, Chingerezi chikakhala 7 olo Masamu utapeza 1 khomo latsekeka, ana ena amabwereza chaka chathunthu chifukwa cha phunziro limodzi limeneli.

Mayunivesite a boma alipo sikisi ndipo onse umafunsira pa fomu imodzi ya NCHE. Akuluakulu akadali kunena kuti Chanco, Poly, Bunda, College of Medicine, KCN, nde mwana akaona mayina atsopano amasokonezeka. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Chanco ya ku Zomba ndi yomwe inatsala ndi dzina loti UNIMA, Poly ya ku Blantyre inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaziphatikiza nkukhala KUHeS. Bunda inachoka kale mmbuyomo nkukhala LUANAR pamodzi ndi koleji ya zaulimi ya NRC. Kenako pali Mzuni ku Mzuzu, ndi MUST ya ku Ndata ku Thyolo yomwe inatsegulidwa mu 2014. Izi ndi zosavuta, munthu ukhoza kuzimva kamodzi.

Chovuta nchakuti mapointi okha sakwanira. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake omwe amayang'ana, za injiniya amafuna Masamu ndi Fizikisi, za chipatala amafuna Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu, nde ukhoza kukhala ndi mapointi okongola ochokera ku Chichewa, Baibulo, Jogalafe ndi Histole koma kosi yomwe ukuilakalaka osakuyang'ana nkomwe. Ndiye kuti kusankha kwenikweni kunachitika kale mwana akulowa Fomu 3, tsiku lomwe anasiya Fizikisi chifukwa anzake anati ndi yovuta, kapena chifukwa pasukulupo panalibe labu kapena mphunzitsi wake. Chichitireni kugawa Physical Science kukhala Fizikisi ndi Kemisitiri nkhani imeneyi yakula, sukulu zambiri za kumudzi mwana amamaliza asanagwirepo botolo la mu labu ndi dzanja lake. Ndaonapo mnyamata akulira mwakachetechete pa kompyuta atawerenga zofunika pa kosi yomwe wakhala akuitchula kuyambira ali ku pulayimale, phunziro limodzi sanalembe, ndipo palibe anamuchenjeza ali Fomu 2. Makolo omwe ana anu ali Fomu 2 pano, nkhani ino ndi yanu kuposa ya omwe amaliza.

Nanga nchifukwa chani pafupifupi mwana aliyense amatchula zomwezomwezo, udokotala, unamwino, uloya, akaunti? Ine ndimaona kuti munthu umalakalaka chomwe wachiona. Mwana wa kumudzi kwathu kuno anthu a pantchito omwe wawaona ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono, mphunzitsi, wapolisi wa pa rodibuloko, msilikali, basi. Ena onse omwe amaoneka kuti zikuwayendera ndi achimwene a ku Joni omwe amabwera pa Disembala kapena pa Eid ndi galimoto ya nambala yachilendo, nkumanga nyumba ya malata a mtundu pamudzi. Nde mwana wakhama akakana za ku Joni nkunena kuti ine ndiphunzira, amagwira dzina lomwe likumveka lolemera kuti pamudzi amve kuti sanalakwitse. Sindikumunena, akufuna ulemu ndipo ndi woyenera ulemuwo. Koma za uloya mwachitsanzo, ambiri sadziwa kuti kwa zaka zambiri njira yolowera ku sukulu ya malamulo ku Zomba yakhala yoti uyambe kaye kosi ina, ukhoze bwino, kenako ufunsire. Udokotala kwa wochokera ku MSCE ndi chaka chokonzekera kenako zaka 5, ukamaliza ukagwirenso kaye pachipatala chachikulu moyang'aniridwa. Banja lizidziwiretu zimenezi, lisamayembekezere thumba la feteleza posachedwa.

Kunabwera mtsikana wina wa ku Namwera, wamanyazi, atavala hijabu yakuda, mayi ake anakhala pabenchi panja atagwira kachikwama ka ndalama. Zotsatira zake Masamu 2, Fizikisi 3, Bayoloje 5. Tisanayambe nkomwe foni inalira, achimwene ake aku Johannesburg pa WhatsApp, ndipo anati ndiwaike pa sipika. "Bwana, mwanayo mumulembere za unamwino, poyamba unamwino, kachiwiri unamwino, manesi sasowa ntchito." Ndinati chabwino achimwene ndamva, koma ndimufunse kaye mwini wake. Ndinamufunsa ngati anakhalapo mu wodi. Anayankha motsitsa mawu kuti anadikirirapo agogo ake atagonekedwa, ndipo masiku onsewo nsima sinkalowa, akamva fungo la mankhwala otsukira pansi aja mutu unkazungulira, tsiku lomwe ankatsuka bala la wodwala wa bedi loyandikana anathawira panja. Ndinamufunsa chomwe amachita osatopa nacho, anati mawerengero, ndipo ndi iyeyo amene amalemba buku la banki mkhonde ya amayi a mmudzi mwawo, chiwongoladzanja cha aliyense amachiwerengera pamtima.

Achimwene aja pafoni sanakondwe, anati, "Iwe, fizi ndilipira ndine, ndikugwira ntchito usiku kuno chifukwa cha iwe." Ndipo ankanena zoona, munthu ameneyo akuvutika kunja kuti mlongo wake asakwatiwe msanga ngati anzake, sindingamuone ngati woipa. Amene anathetsa nkhani ndi mayi aja, analowa mkati nkunena kuti, "Bambo, musalembe kanthu lero, tikakambirane kaye kunyumba ndi amalume ake." Anataya ya transipoti tsiku limenelo. Atabweranso mtsikanayo anali atacheza ndi mayi wina wowerengera ndalama pa bungwe lina kuno ku boma komanso aphunzitsi ake a Masamu, ndipo analemba za akaunti poyamba, za uphunzitsi wa Masamu pambuyo pake, akudziwa chifukwa chake pa chilichonse. Achimwene ake anavomera monyinyirika koma anavomera.

Za chipatala ndi ntchito yabwino zedi, musandimve molakwa, ndipo kwathu kuno tikusowa anthu ake kwambiri, makamaka ana a konkuno omwe angalankhule ndi gogo wa ku Makanjira mu Chiyao osafuna womasulira. Koma pita ukaone kaye. Chipatala cha boma chili pompano, ku Malindi kuli St Martin's, ndipo KUHeS ili ndi kampasi yake konkuno ku Mangochi komwe ophunzira udokotala amabwera kudzaphunzira za umoyo wa anthu mmidzi, amayenda mtauni muno, amagula chipisi pamalo omwe timagula tonse. Kumuimitsa mmodzi mwaulemu nkumufunsa kuti achemwali, kosi yanuyi imakhala bwanji, sangakukanize. Ukafunsa udzamva kuti chipatala si dokotala ndi namwino okha, kuli a mu labu omwe amayeza magazi, a za mankhwala ku famase, a mafizo omwe amathandiza munthu wofa ziwalo kuyambanso kuyenda, a mano, a za zakudya, a zaumoyo omwe amathamanga kolera ikabuka mmadoko. Ambiri omwe timawatcha adokotala mzipatala zathu ndi makilinikala ofesala omwe anachita dipuloma ku Malawi College of Health Sciences kapena ku makoleji a zipatala za mishoni a CHAM, njira imeneyonso ndi yolemekezeka. Mwana woopa magazi koma wokonda sayansi ali ndi malo ake, bola adziwe kuti malowo alipo.

Tsopano nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya nyanja. Ife tinakulira pa usipa, utaka, chambo, kampango, fizi ya ambirife inachokera pa thandala loyanikira nsomba, koma ukamuuza mwana wa kuno kuti kuli digiri ya za nsomba amakuyang'ana ngati wamutukwana. Amati ndavutika zaka zonsezi kuti ndibwererenso ku fungo lomwelo? Chonsecho ku Bunda kuli kosi ya ulimi wa nsomba ndi sayansi ya usodzi, ku Mzuni kulinso ya za nsomba ndi zamoyo za mmadzi, ndipo Malawi College of Fisheries ili ku Mpwepwe, mboma lathu lomwe lino. Ku Monkey Bay kuli malo ofufuzira za nsomba komanso sukulu ya za sitima, amene amayendetsa Ilala ndi kukonza mainjini ake sanabadwe akudziwa, anachita kuphunzira. Azungu amachoka kutali kudzaphunzira mbuna, tinsomba ta mmiyala ta ku Cape Maclear, chifukwa nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, nchifukwa chake a UNESCO anaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Anthu akutenga madigiri apamwamba ndi nsomba zomwe ana athu amasewera nazo posamba.

Ndipo mavuto ake ndi athu, si a wina. Funsani akuluakulu a ku Malombe akuuzani mmene chambo chinalili kale ndi mmene chinathera mpaka anthu kutsala pa kambuzi. Maukonde a maso ang'onoang'ono, ena mpaka kukokera ndi neti ya udzudzu, kupha nsomba nthawi yoswana pomwe nyanja yatsekedwa kumapeto kwa chaka, kudula bango mmphepete momwe tiana ta nsomba timabisala, zonsezi timaziona tokha. Makomiti a mmadoko aja a BVC anayambira kwathu kuno ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993 chifukwa cha vuto lomweli. Nsomba zambiri zimaonongekanso nthawi ya mvula chifukwa chosauma bwino. Chambo china chomwe chikugulitsidwa mmatauni pano nchoweta, a Maldeco amaweta mu makeji pa nyanja pomwepa, ndipo chakudya cha nsomba zowetazo, mbewu yake, matenda ake, zonsezo zimafuna munthu wophunzira. Nanga munthu ameneyo bwanji asakhale mwana yemwe akudziwa kale kusiyanitsa mwera ndi mpoto, yemwe asodzi angamumvere chifukwa bambo ake amawadziwa?

Kunabwera mnyamata wina wa mbali ya ku Makawa, bambo ake ali ndi ukonde wa chilimira ndi boti la injini. Iye ankafuna Business Administration, nditamufunsa chifukwa anati akufuna ntchito ya mu ofesi, yovala taye. Tili mkati magetsi anathima, ndinakoka jenereta yanga koma inangotsokomola nkuzima. Mnyamatayo sanalankhule, anagwada, anapempha sipanala, anamasula pulagi nkuipukuta ndi nsonga ya malaya ake, anatsegula kabuleta nkuuzira ndi pakamwa, zala zake zili ndi zipsera za chingwe cha ukonde, ndipo atakoka kamodzi inalira. Anandiuza kuti mafuta omwe ndinagula ali ndi madzi, ndisiye kugula a mzigubu. Ndinamufunsa anaphunzira kuti zimenezi, anaseka nkunena kuti injini ya boti ikazima pakati pa nyanja usiku, asodzi anzake onse mu botimo amayang'ana iyeyo. Masamu anali ndi 3, Fizikisi 3. Ndinamuuza kuti aise, zomwe wachitazi anthu amaziphunzira ku MUBAS ndi ku MUST mpaka kukhala mainjiniya, ndipo za mainjini a pamadzi zili pa Monkey Bay pompa. Anadabwa zenizeni, iye ankaona ngati zimenezo ndi ntchito za anthu omwe sukulu inawakanika. Ndinamupempha apite kaye akacheze ndi alangizi a za usodzi omwe amabwera padoko lawo, komanso amakaniko akuluakulu a ku Monkey Bay, awafunse anaphunzira kuti ndipo tsiku lawo limatha bwanji. Anabwerera patapita masiku ali ndi mafunso ochuluka kuposa poyamba, ndipo fomu yake inasintha, za injiniya zinakwera pamwamba.

Za mahotela ndidutsepo mwachangu. Kuchoka pa boma kukafika ku Cape Maclear mphepete monse muli malo ogona alendo, Nkopola, Makokola ndi ena ang'onoang'ono osawerengeka, koma ana a kuno ambiri amathera pa kutchetcha kapinga ndi ulonda pomwe maudindo akuluakulu ali ndi anthu ochokera kwina. Mzuni ili ndi makosi a zokopa alendo ndi kuyendetsa mahotela, Malawi Institute of Tourism imaphunzitsa zophika ndi zolandira alendo. Koma kaone kaye, chifukwa ntchito imeneyi Khirisimasi ndi Isitala anzako akusangalala iwe uli chiimire mpaka usiku, ndipo mlendo akakulalatira umayenera kumwetulirabe. Ena amaikonda choncho, ena sangathe sabata. Chimodzimodzi mchenga wa ku Makanjira womwe muli miyala ya mtengo wapatali, za miyala ndi migodi zimaphunzitsidwa ku MUST ndi ku MUBAS, koma ndi ntchito ya kutchire ndi dzuwa, osati ya pa mpando wozungulira.

Wina anena kuti zonsezi nzabwino koma ntchito zili kuti? Funso limenelo ndi loona ndipo sindilithawa. Kuno tili ndi anyamata a madigiri omwe akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto, atsikana omwe anamaliza unamwino kapena uphunzitsi nkukhala pakhomo nthawi yaitali kudikira kuti boma liwalembe. Palibe kosi yomwe ndingakuuzeni kuti iyi mukangomaliza ntchito ili pakhomo, amene akukuuzani choncho akukunamizani. Koma nchifukwa chake ndikulimbikira kuti usankhe chinthu chomwe ukuchidziwa ndipo ungachipirire. Amene anaphunzira za nsomba akuzikonda, ntchito ikasowa akhoza kukumba damu kwawo kapena kuyamba geni yowamba ndi kupakira bwino nsomba zopita ku Lilongwe ndi ku Limbe. Wa mainjini akhoza kutsegula garaja padoko. Wa akaunti akhoza kumalembera mabuku eni mashopu ndi magulu a alimi uku akulemba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a za akaunti. Koma amene anangolowa kosi chifukwa dzina linkamveka bwino, amakhoza movutikira kapena amachotsedwa chaka choyamba, ndipo akamaliza alibe chilakolako choti ayambe kanthu payekha ndi zomwe anaphunzirazo.

Ndalama nazo zikhale patebulo poyera, tisamachite manyazi. Loni ya boma ilipo kudzera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, koma si onse amapatsidwa, ndipo ndi ngongole, udzabweza ukayamba ntchito. Malo ogona pa sukulu sakwanira, ambiri amachita lendi kunja, ku Zomba amathera ku Chikanda, ku Mzuzu ku Luwinga, nde pamafunika ya nyumba, makala, ufa, ndiwo, bandulo ya intaneti, mwinanso laputopu. Mtunda nawo uli ndi mtengo wake. Zomba ndi pafupi, ukakwera ya ku Liwonde wafika tsiku lomwelo dzuwa likadalipo, mayi akhoza kutumiza thumba la ufa ndi usipa wouma pa minibasi. Mzuzu ndi ulendo wa tsiku lathunthu kudzera ku Salima ndi Nkhotakota, maliro akagwa kumudzi umangolira uli komweko, ndipo mwana wa kotentha kuno kuzizira kwa kumeneko kumamupeza. Sindikunena kuti musalembe Mzuni ayi, ngati kosi yako ili kumeneko pita, koma banja likhale pansi liwerengere, amalume ndi achimwene a kunja anene zomwe angathe chaka chilichonse osati chaka choyamba chokha.

Amene sanasankhidwe ku boma, dziko silinathe. Makoleji omwe si a boma alipo ambiri, ngakhale kuno tili ndi DMI St John the Baptist, koma kulikonse komwe mukufuna kupita yambani mwaona ngati sukuluyo ndi kosi yeniyeniyo zili pa mndandanda wa zovomerezeka ndi NCHE, chifukwa zimatheka sukulu kukhala yolembetsedwa koma kosi ina mkatimo ayi. Za unamwino funsaninso ngati a Nurses and Midwives Council akuidziwa, za chipatala zina a Medical Council. Paja safunsa anadya phula, ndipo apa phula lake ndi zaka folo za fizi. Kuli uphunzitsi ku Domasi ndi ku Nalikule, kuli ma TTC ngati ya ku Machinga. Kulinso ntchito za manja kudzera ku TEVETA, ku Nasawa, ku Soche, ku Salima ndi kwina, ndipo ine ndimaona ndi maso kuti kuno munthu wodziwa kukonza mafiriji ndi makina a ayisi, kuika sola, kuwotcherera kapena kulumikiza mapaipi sagona ndi njala, nsomba zimafuna ayisi tsiku lililonse ndipo malo ogona alendo akumangidwabe.

Pa fomu penipenipo, musadzaze malo onse ndi makosi omwe aliyense akulimbirana. Ndimaona mwana wa mapointi 22 akulemba udokotala, famase, injiniya, zonse za pamwamba zokhazokha, kenako dzina osatuluka paliponse pomwe akanalowa bwinobwino kosi ina yomwe akanaikonda. Msodzi wofuna usipa satenga matchera a chambo, amayang'ana nsomba yomwe ilipo ndi ukonde womwe ali nawo. Ikani poyamba chomwe mtima ukufuna ngati maphunziro ake mwakwanitsa, koma zotsatirazo zikhale zoti muli ndi mwayi weniweni, ndipo chilichonse chomwe mwalemba chikhale choti akakupatsani mupitadi mosanyinyirika, chifukwa kusintha kosi mutalowa kale si chinthu chophweka. Kabuku ka zofunika pa kosi iliyonse kamakhalapo, kawerengeni kunyumba modekha musanabwere pa kompyuta, ndipo nambala ya foni yomwe mukulemba ikhale yanu kapena ya munthu wa mnyumba mwanu.

Atsikana ndikupempheni mwapadera, musamadzichotse nokha pa za sayansi ndi injiniya musanayese nkomwe. Ndipo inu makolo, mwana wamkazi akati akufuna kukacheza ndi mayi wina wogwira ntchito ku labu kapena ku banki kuti amve za ntchitoyo, mpatseni ya kabaza, mperekezeni ngati mukuda nkhawa. Kwathu kuno atsikana ofika Fomu 4 nkukhoza timadziwa tonse kuti adutsa mu zambiri.

Pempho langa lalikulu likupita kwa inu a kuno omwe munadutsa kale ndipo muli pantchito ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena konkuno. Mukabwera ku tchuthi musamangothera ku nyanja ndi kumaukwati, pitani pa sukulu yomwe munaphunzira mukapemphe ahedi akupatseni ola limodzi ndi ana a Fomu 2 ndi Fomu 4. Musakawauze zoti limbikirani sukulu, zimenezo amazimva tsiku lililonse pa asembule. Kawauzeni kuti mumadzuka nthawi yanji, mumagwira chani ndi manja anu, chomwe chimakutopetsani nchiyani, munadikira nthawi yaitali bwanji musanapeze ntchito, maphunziro ati a ku sekondale omwe anakutsegulirani khomo, ndipo ngati mungathe atchulireni ndi malipiro oyambira omwe. Aphunzitsi nanunso, ulendo wa kalasi usamangokhala wokasamba ku nyanja, minibasi za ku Monkey Bay zimadutsa njira ya ku Mpwepwe tsiku lililonse, kalata imodzi yopempha kuti ana akaone koleji ya za nsomba, malo okonzera sitima kapena labu ya chipatala ikhoza kulembedwa sabata ino, ana a Fomu 2 asanasankhe maphunziro a chaka chamawa.